Mankhwala a Mfumu ndi Mbedza ya Amuna Anga

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, atatumiza uthenga woti akubwerako ku Joni, banja lonse linayamba kugawana katundu wake iye asanakwere n'komwe basi. Apongozi anga aakazi ankayembekezera malata. Amuna anga ankayembekezera injini ya boti, moti anayamba kuyendera maboti a anzawo padoko manja ali kumbuyo, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene wapitirira kale zinthu zoterozo. Ine ndisaname, mtima wanga unali pa makina osokera amagetsi, chifukwa ndine telala ndipo miyendo yanga inali itatopa n'kupalasa.

Munthuyo anatsika minibasi ali ndi chikwama chimodzi, jekete lachikopa, ndi kabokosi kakuda kokulunga m'thawulo. Anakavundukula pamphasa mwaulemu ngati akuonetsa khanda.

"N'chiyani chimenechi, mwana wanga?" apongozi anafunsa.

"Makina a magemu, amayi."

"Amapuntha mpunga?"

"Ayi, amayi. Ndi osewerera."

Apongozi anakayang'ana kabokosiko, anayang'ana denga lawo laudzu, n'kunyamuka kupita kukaona nkhuku.

Pamalonda pathu, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, nyumba zokhala ndi sola yamphamvu zinali zochepa. Shopu yanga yosokera inali nayo, pamodzi ndi batire ndi tivi yomwe ndinkaonetsera makasitomala nyimbo za kwaya akamadikira zovala zawo. Palibe amene anandipempha. Ndinangobwera m'mawa wina n'kupeza mawaya atalumikizidwa, benchi itasunthidwa, makwaya anga atachotsedwa ntchito.

Inali nyengo ya mwera. Mphepoyo ikayamba, nyanja imakana munthu, maboti amagona pamchenga, ndipo asodzi amasanduka akatswiri a nkhani zandale ndi mpira. Nthawi yomweyo mpunga kudambo umakhala wacha, akazi tikulimbana ndi mbalame ndi zikwakwa. Mukamufunsa msodzi kuti akathandize kumweta, amakuuzani kuti sangatalikire nyanja, mwina mphepo ingaleke mwadzidzidzi. Chaka chimenecho onse anakaidikirira mphepoyo m'shopu mwanga, kumbuyo kwa nsalu.

Mlamu wanga anabwera ndi zimbale ziwiri, ndipo poyamba ankasewera yekha n'kumamasulira Chingerezi chake kwa anthu.

M'chimbale choyamba, iwe ndiwe mnyamata wa lupanga amene wadzuka m'ndende ya mfumu yoipa. Njira ndi imodzi yokha. Ukatuluka m'chipinda, chitseko chimatsekeka kumbuyo kwako, phwa! Umapha alonda, umakwera masitepe, umawoloka mlatho, nkhani ikupita nawe patsogolo. Ukafuna kupatukira kutchire, sizitheka. Mnyamata amene amadula ziphona pakati amalephera kudumpha chipika chofika m'mawondo, chifukwa amene anapanga gemuyo sanafune kuti adutse pamenepo.

M'chimbale chachiwiri, iwe ndiwe mthenga. Mfumu ya dzikolo yalumidwa ndi chinjoka chamapiko cholavula moto, ili gone. Sing'anga amakupatsa kabotolo kobiriwira n'kukuuza kuti, "Thamanga, mfumu sifika mawa." Kenako chitseko chimatseguka, ndipo dziko lonse lili pamaso pako: mapiri, mitsinje, nkhalango, midzi, misika. Pamwamba pa tivi pamakhala kamuvi kolozera kumzinda wa mfumu, koma palibe wokukakamiza. Ukafuna kulowera kumadzulo, lowera. Ukafuna kukwera phiri, kwera.

Anthu awiri amene anagwa m'mbuna mozama kuposa onse anali amuna anga ndi achimwene anga aakulu.

Achimwene anga ndi mlembi wobadwa. Anali mlembi wa komiti ya sukulu, wa komiti ya mjigo, wa bungwe la maliro, ndiponso wa kwaya ngakhale saimba. Ndi munthu amene pa ukwati amakwiya mphatso zikaperekedwa pemphero lisanathe. Iwowa ndiwonso nkhoswe yanga. Atangoona chitseko chija chikudzitseka chokha kumbuyo kwa mnyamata wa lupanga, anapuma mozama ngati munthu amene wafika kwawo.

"Izi ndiye zinthu," anatero. "Palibe zobwerera m'mbuyo. Mfundo ikatha, tatseka."

Amuna anga anasankha chimbale chachiwiri. Tsiku loyamba analandira kabotolo kwa sing'anga, anakwera hatchi, anatsatira kamuvi bwinobwino. Ndinkawaonera ndili pamakina anga, ndipo ndinanyadira pang'ono kuona munthu wanga akuthamangira chinthu. Atadutsa kaphiri kena, kumanzere kunaoneka nyanja. Pagombe panali kamudzi, ndipo bambo wina wandevu anali kugulitsa mbedza.

Hatchi inaima.

"Achimwene, kamuvi kakuloza uku," mlamu wanga anawakumbutsa.

"Ndakaona. Ndingoyesa kamodzi."

Mfumu ija inadikira pafupifupi mwera wonse.

Muyenera kumvetsa chimene chinawakola. Nyanja ya m'gemumo inalibe mwera. Inalibe ng'ona, inalibe mvuu, ukonde sung'ambika, petulo safunika. Nsomba ukaikola imalowa m'thumba, ndipo ngakhale ikhalemo mwezi sinunkha. Amuna anga anazipatsa zonse mayina a kwathu. Yandevu inali kampango wawo, yasiliva inali mpasa wawo, ndipo panali ina yofiira yowala ngati nyali imene anangoitchula kuti bwana. Kumbuyo kwawo kunkadzaza asodzi enieni, anthu amene anakulira m'bwato, akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

"Kokani! Ayi, isiyeni itope! Mukuithawitsa, inu!"

Akatopa n'kuwedza ankayendayenda. Anthu a m'dziko limenelo anali ndi mavuto ambiri, ndipo onse ankadikira amuna anga. Mayi wina mbuzi zake zinasochera m'mapiri. Amuna anga anazifunafuna m'mapanga, anamenyana ndi mimbulu, anazibweza zonse kukhola. Tsiku lomwelo mbuzi zathu zinali m'chinangwa cha eni ake, ndipo amene anakapepesa ndinali ine. Mkazi wina wamasiye denga lake linasasuka. Amuna anga anamweta udzu, anadula mitengo, anamufolerera. Khitchini yathu inali itasasuka ndi mwera weniweni, ndipo ndinkaphika mchenga ukugwera mumphika.

"Bambo a kunyumba," ndinawafunsa tsiku lina, "mayi ameneyu mukumufolerera ndi m'bale wanu?"

"Ndi wovutika, mayi. Alibe womuthandiza."

"Nanga ine ndili naye?"

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chitumbuka, n'kubwezera maso pa tivi.

Woyandikana nane shopu anali bambo wachikulire wa Chisilamu, wogulitsa zitenje ndi mafuta onunkhira, munthu wa ulemu wake amene makolo ake anali amalonda kuyambira kalekale kuboma. Ankalowa akachokera kumzikiti ku swala ya masana, n'kuima pakhomo kofia ili pamutu. Tsiku loyamba anaona mthenga wa amuna anga akulowa m'nyumba ya munthu, kutsegula bokosi, kutenga buledi, n'kuswa mitsuko yonse ya pakona eni ake akuyang'ana.

"Waodira?" anafunsa. "Wapereka salamu?"

"M'gemumu n'zololedwa, abambo," mlamu wanga anayankha. "M'mitsukomo mumapezeka zinthu."

"N'kwathu komwe m'mitsuko mumapezeka zinthu. Zimenezi ndi haramu."

Koma mawa lake anabweranso, akuti akufuna kuona tsiku limene wakubayo adzagwidwe. Patapita nthawi chidwi chake chinasamukira kwa ogulitsa m'masitolo a m'gemumo, amene ankagula chilichonse chimene amuna anga abweretsa: malupanga adzimbiri, mano a mimbulu, nsapato imodzi, popanda kunenerera ngakhale pang'ono. Zimenezi zinkamupweteka kuposa kuba kuja. "Ameneyu bizinesi yake sifika Ramadhani," ankatero, akugwedeza mutu mwachisoni.

Posakhalitsa anthu anagawikana. Panali a msewu, otsatira achimwene anga, ndi a thengo, otsatira amuna anga. Tivi inali imodzi, batire limatha dzuwa likapendeka, choncho mkangano sunkasowa. Achimwene anafuna kukhazikitsa komiti yoyendetsa makinawo, iwo n'kukhala mlembi, koma a thengo sankafika pamsonkhano. Aliyense ankati anali panjira kenako anapatuka.

"Alamu," amuna anga ankatero, "gemu yanuyo ndi ya ng'ombe yopita kudipi. Mpanda uku, mpanda uku, kumbuyo chikoti. Inu mukuganiza kuti mukuyenda, koma akukuyendetsani."

"Ng'ombe yopita kudipi imafika," achimwene ankayankha. "Inu munatumidwa. Munthu wamkulu akudwala, mankhwala ali m'thumba mwanu pamodzi ndi milamba. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Yangayi ili ndi mutu, ili ndi mchira. Ndikudziwa amene anapha bambo a mnyamatayu, ndikudziwa chifukwa chake, ndipo ndikupita kukamufunsa. Inu yanuyo ikunena chiyani? Mukudziwa n'komwe dzina la mfumu yanu?"

Amuna anga sankalidziwa.

Koma msewu nawo uli ndi tsoka lake. Achimwene anafika pamlatho wina wautali pamene panaima chiphona cha nyundo. Chinawapha. Anayambiranso, chinawaphanso. Kumbuyo chitseko n'chotseka, kumbali kuli phompho, njira ina kulibe. Ndipo nthawi iliyonse, chisanawaphe, chiphonacho chinkayankhula mawu ake omwewo aatali, osatheka kuwadumpha. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi, amayi ogulitsa tomato panja ankawaloweza, ndipo achimwene akamadutsa pamsika ankalonjeredwa ndi Chingerezi cha chiphona.

"Mukanakhala kwathu kuno," amuna anga ankawaseka, "chiphona chikakutsekerani njira mumangochisiya. Mumapita kukawedza."

"Ndi mmene mumachitira ndi zonse, alamu," achimwene anayankha osatembenuka.

Ine zonsezi ndinkazimva ndikusoka mayunifolomu. Za msewu kapena thengo sizinkandikhudza. Chimene chinkandidya chinali mfumu ija. Nthawi iliyonse makinawo akamayatsidwa, pa tivi pankabwera chithunzi chake: itagona chagada, milomo yosweka, mkazi wake ataigwira dzanja, maso ake ali kukhomo. Ine ndinadwazikapo mayi anga m'chipatala. Ndikudziwa mmene khomo limaonekera ukatuma munthu kukagula mankhwala iye n'kukumana ndi anzake panjira. Ndinkadziwa kuti ndi zojambula, sindine mwana. Komabe mayi ameneyo ankandiyang'ana.

Tsiku lina kunagwa maliro ku Mwadzama, a msodzi mnzawo, ndipo amuna onse anapita, mlamu wanga yemwe. Shopu inali zii. Dzuwa linali lowala, batire lodzaza. Ndinasoka kolala imodzi, ndinayang'ana kabokosi kaja, ndinasokanso ina. Kenako ndinanyamuka n'kukayatsa.

Mabatani ndinali nditawadziwa poonerera, ndipo Chingerezi cha ku sekondale chinali chikadalimo pang'ono. Ndinamupeza mthengayo ataima pagombe, mbedza ili m'manja, monga mwa masiku onse. Ndinatsegula thumba lake. Munali nsomba zosawerengeka, maluwa, mafupa, chipewa cha munthu wina, ndipo pansi penipeni, kabotolo kobiriwira. Ndinaitana hatchi, n'kulunjika kumene kamuvi kankaloza.

Panjira anthu ankandiitana. Wina mphete yake inagwera m'chitsime. Wina ankafuna ndimuperekeze kwa chibwenzi chake. Wina anali ndi makoswe m'nkhokwe. Ndinawadutsa onse ngati mmene ndimadutsira oitanira minibasi. Mzinda wa mfumu sunali kutali n'komwe. Madzi a tiyi amene ndinatereka ponyamuka anali asanawire pamene alonda ankanditsegulira chipata.

Mfumu inamwa mankhwala, inatsokomola, inadzuka. Ndinadikira kuti ifunse kumene mthengayo anali miyezi yonseyi. Ndinali nditakonzeka kuchita manyazi m'malo mwa amuna anga. Koma inandigwira paphewa n'kunena kuti, "Wafika msanga, mwana wanga. Dziko lonse lidzakumbukira liwiro lako."

Ndinaseka ndekha mpaka woyandikana nane uja anasuzumira.

Kenako tivi inada, ng'oma zinalira. Chinjoka chija chitamva kuti mfumu yachira, chinakwiya. Chinauluka kuchokera kuphiri n'kulunjika kunyanja. Chinatentha kamudzi ka asodzi konse, maboti, doko, ndi bambo wandevu wogulitsa mbedza uja. Madzi anasanduka akuda, nsomba zinayandama mimba zili m'mwamba. Pakona ya tivi kagudumu kakang'ono kanazungulira. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti kagudumu kameneko kamatanthauza kuti makina asunga zimene zachitika, ndipo sizibwereranso.

Ndinazimitsa, ndinafunditsa kabokosiko thawulo lake, n'kubwerera kumakolala anga.

M'mawa mwake amuna anga anafika ndi gulu lawo. Anadabwa kudzipeza ali m'nyumba ya mfumu, atavekedwa mkanjo wagolide. Anakwera hatchi, anathamangira kunyanja. Atafika pakaphiri kaja, hatchi inaima. Panali phulusa, zitsa, ndi akhwangwala.

"Ndani wapereka mankhwala?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndine," ndinayankha, ulusi uli pakamwa.

"Inu?"

"Munthu anali kufa."

"Sakanafa! Miyezi yonseyi anafa? Akanadikira!"

"Ndiye akanadikira mpaka liti?"

"Mpaka nditakola bwana wamkulu wa kuzilumba! Ndinali nditatsala pang'ono. Mukudziwa mmene ndinavutikira kupeza nyambo yake?"

Msodzi wina wachikulire kumbuyo anavula chipewa. Wina anati, "Pepani, akulu," ndi mawu omwewo amene anagwiritsa ntchito dzulo lake ku Mwadzama.

Amuna anga tsiku limenelo sanadye. Lotsatira anadya koma osandiyang'ana. Tsiku lachitatu anatenga bulangeti n'kupita kwa amayi awo, ndipo apongozi, amene sanamvetse chilichonse kupatula kuti mwana wawo walakwiridwa, anatumiza uthenga kwa ankhoswe.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu. Kumbali yanga kunali achimwene, atavala jekete ndipo nkhope yawo ikuwala ngati munthu amene Mulungu wamuyankha. Kumbali ya amuna anga kunali amalume awo, nkhalamba yosoka maukonde imene khutu lake limodzi linasiya ntchito kalekale.

Amuna anga anafotokoza dandaulo lawo: kuti ndinagwira zinthu zawo iwo kulibe, kuti chifukwa cha ine nyanja yawonongeka, mudzi wapsa, nsomba zafa.

Amalume anadzidzimuka. "Nyanja iti? Ya Chia?"

"Ayi, amalume. Ya mu tivi."

"Ya kuti?"

"Ya mu tivi!"

"Anthu afa angati?"

"Mudzi wonse."

"Nanga ife osamva bwanji?"

Achimwene anapempha kuti alongosole. Anaimirira, anakonza jekete, n'kuyankhula nthawi yaitali. Anayambira pa kufika kwa makinawo, anafotokoza kusiyana kwa msewu ndi thengo, anatchula kuipa kopatsa munthu ufulu wambiri asanakhwime, ndipo anamaliza ndi kunena kuti mlongo wawo wachita m'mawa umodzi zimene mwamuna wake analephera nyengo yathunthu. Za chiphona cha pamlatho sanatchuleko.

Amalume anakanda chibwano. "Mfumuyo inachira?"

"Inachira," ndinayankha.

"Nsomba zimene ankakolazi, munadyako, apongozi?"

"Ngakhale mutu."

"Anagulitsako?"

"Kwa anthu a momwemo."

Nkhalambayo inati siingaweruze mlandu wa malo isanaone malowo. Tinalowa tonse m'shopu. Mlamu wanga anayatsa, ndipo amuna anga anaiyendetsa nkhalambayo pagombe lopsa lija, akuloza pamene panali doko, pamene ankaima, pamene anakola mpasa wawo woyamba. Amalume anayandikitsa nkhope pa tivi, anayang'anitsitsa madzi akudawo, n'kuusa moyo.

"Apa ndiye panali malo," anavomereza. Kenako anatembenukira kwa ine. "Apongozi, mbedza ya mwamuna saigwira iye kulibe. Pamenepo munalakwa. Koma iwe mphwanga, mankhwala a munthu sasunga m'thumba la nsomba."

Mlamu wanga, amene nthawi yonseyi anali chete poopa kuti mlandu ungamugwere, anatsokomola. "Komatu pali njira. Achimwene angawa akhoza kuyambiranso gemu yatsopano. Nyanja ibwerera, mudzi ubwerera, wogulitsa mbedza adzuka."

Nkhope ya amuna anga inawala. "Zoona?"

"Nanga mfumu?" amalume anafunsa.

"Idwalanso. Chinjoka chiilumanso."

Amalume anatembenuza khutu lawo labwino. "Iwe, ukufuna kuidwalitsanso mfumu, munthu woti wachira, kuti iwe uziwedza?"

Amuna anga anayang'ana pansi, anayang'ana ine, anayang'ana tivi.

"Eya, amalume."

"Ndipo mankhwala ukapereka?"

"Ayi, amalume."

Nkhalambayo inapukusa mutu. Kenako inati pa zaka zake zonse yaweruza milandu ya chigololo, ya malire, ya ufiti, koma mtima wotere sinauonepo. Chigamulo chinali chakuti amuna anga abwerere kunyumba, akamwete mpunga wotsala, afolere khitchini, kenako akhoza kuidwalitsa mfumu yawo. Ine ndipatsidwe malo angaanga m'makinamo, ndi mfumu yochira ija, ndisamakhudze za mwamuna. Atatha kugamula amalume sanapite. Anakhala pabenchi n'kufunsa ngati m'nyanja imeneyo muli sanjika.

Khitchini inafoleredwa mwa liwiro limene sindinalionepo.

Tsono ine ndinali ndi dziko langa, ndi chinjoka choti ndiphe. Mfumu inandituma kuphiri, ndipo ndinalumbira pamaso pa a thengo onse kuti ndiwaonetsa mmene munthu wotumidwa amayendera. Ndinatuluka m'nyumba ya mfumu n'kudutsa pamsika wa mumzinda. Pamenepo panali mayi wina wonyika nsalu. Anali ndi nsalu ya mtundu wa buluu umene sindinauonepo m'sitolo iliyonse, kuyambira kuboma mpaka ku Lilongwe. Anandiuza kuti ndikamubweretsera maluwa a m'mphepete mwa mathithi, andisokera mkanjo wa mtundu umenewo.

Mathithiwo sanali kutali kwenikweni. Ndinangoti ndipite kamodzi.

Kumathithiko ndinamva za ulusi wa akangaude a m'phanga, umene amati umawala mumdima. Kuphangako ndinamva za mabatani a minyanga. Chinjoka chinatentha midzi ina iwiri ine ndikufunafuna utoto wachikasu. Amuna anga ankakhala kumbuyo kwanga akudikira nthawi yawo, akungoimba kamluzu. Diresi la ukwati la mwana wa mphunzitsi wina linagona patebulo lopanda manja mpaka mayi ake a mkwatibwi anabwera kudzakhala pampando wanga, chikwama chili pamiyendo, n'kunena kuti sachoka.

Achimwene anga nawo zawo zinatha mwa mtundu wina. Tsiku lina chiphona chija chinagwa. Anakuwa mpaka ogulitsa tomato analowa kudzaona. Kuchokera pamenepo msewu unali wosalala. Anakwera nsanja, anapha mfumu yoipa, mnyamata wa lupanga analira pamanda a bambo ake, nyimbo inaimba, mayina a azungu ndi a anthu ena anayamba kukwera pa tivi. Achimwene anadikira mayinawo athe. Anadina batani ili, anadina ilo.

"Kenako?" anafunsa.

"Yatha, alamu," mlamu wanga anatero.

"Yatha bwanji? Nanga ufumu atenga ndani? Nanga akaidi ena aja?"

"Yatha basi."

Anakhala pabenchi manja ali pamawondo, ngati munthu amene wapuma pantchito asanakonzeke. Patapita masiku angapo ndinawapeza m'mawa, a thengo asanafike, ataika chimbale chachiwiri. Sing'anga anawapatsa kabotolo, chitseko chinatseguka, ndipo anaima pakhomopo nthawi yaitali akuyang'ana mapiri.

"Mlongo wanga," anandinong'oneza, "usauze munthu."

Iwowa sanawedze. Vuto lawo linali lina. Aliyense wowaitana panjira ankaima, kumumvetsera mpaka kumapeto, n'kuvomera kumuthandiza. Wa mphete anamuvomera, wa makoswe anamuvomera, wa chibwenzi anamuvomera. Anavomera dziko lonse, ndipo sanamalize ngakhale imodzi, chifukwa popita kukathandiza uyu ankakumana ndi wina. Ndinawauza kuti ndi mmene ikuyendera komiti ya mjigo.

Mwera unaleka mu Ogasiti. Usipa unatuluka wambiri, ndipo benchi inayamba kuchepa anthu. Mlamu wanga, ataona kuti kwathu kuno jekete lachikopa silidyetsa munthu, anaganiza zobwerera ku Joni, ndipo anagulitsa makinawo kwa mnyamata wina wa ku Dwangwa amene ankatsegula malo oonetsera mpira. Mnyamatayo anabwera pa njinga yamoto ya kabaza. Akumangirira kabokosiko ndi mphira, anafunsa m'kayankhulidwe kake kakumpoto kuti pa zimbale ziwirizi ayambe kuwapatsa anthu chiti.

Amuna anga ndi achimwene anayankha nthawi imodzi, aliyense atagwira chogwirira chake cha njingayo. Woyendetsa anadikira, analiza injini, anadikiranso, kenako anangonyamuka pang'onopang'ono iwo akumutsatira mpaka pamsewu waukulu, akukuwabe.

Ine ndinalibe nthawi yowaperekeza. Mayi ake a mkwatibwi anali atabweranso, ulendo uno ndi azakhali ake awiri, ndipo diresi linali lisanapindidwe m'munsi.